Kuseri kwa Pepala la Nyimbo

Dzina anali nalo monga munthu wina aliyense, koma mumsewu wonse wa kuseri kwa positi ofesi munalibe wolitchula. Kwa ana ndi akulu omwe, iwo anali a Fotokope basi. Ngakhale akazi awo akafuna kuwazazira ankayamba ndi mawu akuti, "Inu a Fotokope, tamverani kuno."

Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Ukalowa, kumanja kunali chimakina chotuwa chojambulira mapepala, chimene chinkatentha ngati mbaula dzuwa likafika paliwombo. Kumanzere kunali tebulo, kompyuta yakale, pulinta, ndi kabenchi kokwana anthu atatu, bola akhale oonda. Asanatsegule shopuyi, a Fotokope anagwira ntchito yodula mapepala zaka khumi ndi ziwiri pa kampani ina yosindikiza mabuku, mpaka tsiku limene kampaniyo inatsekedwa. Kumeneko n'kumene anatengako nthenda yawo yomvera chisoni pepala. Akaona munthu akukwinya pepala lolembedwa mbali imodzi yokha, zinkawapweteka ngati munthuyo wataya chakudya pamaso pa wanjala.

N'chifukwa chake pansi pa tebulo pankakhala katoni. Pepala lililonse lotuluka ndi mzere wakuda, lopendekeka, kapena losaoneka bwino, linkalowa mmenemo. Kuseri kwake ankalembako manambala a foni, ankayeserapo makina akakonzedwa, ndipo ena ankapita nawo kunyumba kuti adzukulu azijambulapo magalimoto.

Tinganene kuti tauni yonse inadutsapo pa galasi la makina awo: ziphaso, masatifiketi a sukulu, makalata ofunsira ntchito, makalata ochotsedwera ntchito, masamoni a kukhoti, mapepala a kuchipatala. Amene ankafuna kutumiza zinthu zawo pa intaneti, a Fotokope ankawajambulira mu kompyuta, n'kuzisiya mmenemo osafufuta, poganiza kuti eni ake adzazifunanso. Ambiri ankabweradi n'kuwathokoza. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene bambowa ankanyadira kuposa makina awo: pakamwa pawo panali potseka. Wometa tsitsi ankakonda kusuzumira pakhomo n'kufunsa, "Achimwene, mayi atuluka apawa maso ali psuu. Kwagwanji?"

"Ine maso anga amaona inki, mawu saona," ankayankha choncho, n'kupitiriza kulumikiza mapepala.

Sankanama. M'zaka zonsezo panalibe nkhani ya munthu imene inatuluka pakamwa pawo.

Lachiwiri lina m'mawa munalowa mtsikana wina, mphunzitsi wa pa sukulu ya pulayimale ya kumtunda. Ankadziwana, chifukwa onse ankaimba kwaya imodzi ku tchalitchi, mtsikanayo alito, iwo besi. Anali atasowa miyezi itatu, ndipo anthu ankadziwa kuti anapita kukachita maphunziro. Anadikira mpaka kabenchi katatha anthu, kenako anatulutsa envulopu m'chikwama.

"Bambo, kalata iyi mundijambulire kawiri. Akuifuna ku ofesi."

Pepala loyamba linatuluka ndi mzere wakuda m'mphepete. A Fotokope anapukuta galasi, n'kujambulanso awiri abwinobwino. Mtsikanayo analoza lowonongeka lija.

"Nanga ilo?"

"Musadandaule, aphunzitsi. Limenelo ndiwotcha."

Anawakhulupirira n'kutuluka. Iwo analiponya m'katoni osaliwerenga, ndipo pofika masana anali ataliiwala.

Patapita milungu isanu kunabwera mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amenenso anali mtsogoleri wa kwaya. Anabweretsa nyimbo yatsopano, yolembedwa pamanja.

"Alamu, mutipangire makumi anayi. Mawa tikuyamba kuiphunzira."

Ntchito za kwaya a Fotokope ankazigwira ulere. Mapepala oyera analipo, mtolo wosatsegula uli pashelefu. Anauyang'ana, anayang'ananso katoni ija, imene inali itadzaza mpaka pakamwa. Anthu oimba amayang'ana mbali imodzi yokha, anadziuza choncho. Anatapa mapepala m'katonimo, kuwagwedeza kuti alingane, n'kuwalowetsa m'makina chadodolido.

Loweruka masana kwaya inakumana m'kaholo ka kuseri kwa tchalitchi, ka mabenchi opanda motsamira. Mlamu wawo anagawa mapepala aja, n'kuyamba ndi amuna a besi, chifukwa ndiwo ankavuta kugwira nyimbo. Amayi anatsala opanda chochita, ndipo manja opanda chochita sakhala phee. Wina anatembenuza pepala lake.

"Ii, ine ndapeza chiphaso cha munthu! Taonani mutuwo, ngati anamujambula akuthawa."

Anzake anaseka, nawonso n'kuyamba kutembenuza awo. Wina anapeza zotsatira za mayeso za mwana amene analephera chilichonse kupatula dzina lake. Wina anapeza kalata ya munthu wopempha tchuthi. A Fotokope anamva kusekako ali pakati pa mzere wa nyimbo, ndipo anasiya kuimba.

Panali mayi wina wogulitsa nsalu, amene anthu ankamutcha Wailesi chifukwa chilichonse chofika m'maso mwake chinkatulukira pakamwa nthawi yomweyo. Sanali munthu woipa. Ankangowerenga mokweza asanamve chimene akuwerenga.

"Langali ndiye lachizungu chozama. Tamverani: wodwala amene dzina lake lili pamwambali anagonekedwa m'chipatala chathu cha matenda a maganizo kwa miyezi itatu, ndipo tsopano atha kubwerera m'kalasi..."

Apa maso ake anakwera pamwamba pa pepala, pomwe panali dzina. Anatseka pakamwa. Dzinalo sanalitchule, koma mutu wake unatembenuka wokha n'kuyang'ana kumapeto kwa benchi, komwe kunakhala mphunzitsi uja. Amayi onse anatsatira maso akewo.

Mtsikanayo anaimirira, kupita pamene panali Wailesi, n'kutambasula dzanja. Analandira pepalalo, kulipinda kanayi, kuliika m'chikwama. Kenako anayang'ana ku benchi ya amuna. Sanawanyoze, sanalire. Anangowayang'ana a Fotokope kamphindi, n'kutuluka.

Mlamu wawo anafunsa motsitsa mawu, "Alamu, mapepalawa mwawatenga kuti?" A Fotokope anadzuka n'kuyamba kuyenda benchi ndi benchi, ali zyoli, akutolera mapepala m'manja mwa anthu. Palibe anakaniza, palibenso anawayang'ana kumaso. Atawerenga anapeza makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Limodzi linali lapita ndi mwini wake. Awiri enawo sanapezeke, ndipo mpaka lero sadziwa kuti anali a ndani komanso analembedwa zotani.

Kunyumba nkhani inafika iwo asanafike. Anapeza akazi awo akuanula zovala pachingwe.

"Bambo a kunyumba, ndifunse chinthu chimodzi chokha. Mapepala oyera anatha?"

Akanatha kunama. Anayang'ana pansi n'kunena kuti analipo.

Akazi awo anaponya malaya m'beseni. "Zaka zonsezi mumadzitama kuti simunena za anthu. Lero mwanena za anthu makumi anayi tsiku limodzi, osatsegula n'komwe pakamwa."

Zimene zinatsatira anazimva pang'onopang'ono, kwa anthu obwera kushopu amene ankayankhula ngati sakudziwa kuti akuyankhula ndi ndani. Makolo atatu anapita kwa ahedi kukapempha kuti ana awo awasinthe kalasi. Ana ena anayamba kuzunguza chala pambali pa mutu mphunzitsiyo akatembenukira ku bolodi. Mnyamata amene ankafuna kumukwatira anayamba kutanganidwa kwambiri. Ku kwaya mtsikanayo sanabwerenso. A Fotokope nawonso sanapiteko. Pobwera kuntchito anasiya kudzera njira ya kusukulu, n'kumazungulira kumsika, ulendo wotalika kawiri. Wometa tsitsi, amene kale ankasuzumira kasanu pa tsiku, anasiya kufunsa mafunso, ndipo ulemu umenewo unkawawotcha kuposa chipongwe.

Akazi awo ndi amene anawakoka. Lachitatu lina ana ataweruka, anapita onse awiri kumene mtsikanayo ankachita lendi, kachipinda ka kuseri kwa nyumba yaikulu. Anawalandira bwino, n'kuwapatsa mipando iwiri yokhayo imene inalipo, iye n'kukhala pabedi. Patebulo panali mulu wa makope a ana, ena ochonga kale.

A Fotokope anali atakonza mawu njira yonse, koma atakhala pansi anangotsala ndi ochepa.

"Aphunzitsi, ndinalakwa. Ndilibe pothawira. Kalata ija sindinaiwerenge n'komwe, ndinangoti..."

"Ndikudziwa kuti simunaiwerenge, bambo. Mukanaiwerenga, bwenzi mutaiwotcha."

Kenako mtsikanayo anapitiriza, mawu ake ali bwinobwino ngati akufotokoza samu.

"Kudwalako ine sindichita nako manyazi. Ndinadwala, anandithandiza, mankhwala ndikumwa, ntchito ndikugwira. Koma nkhaniyo inali yanga. Ndinkafuna ndidzainene ndekha, kwa munthu amene ndamusankha, tsiku limene ndakonzeka. Mayi anga enieni ndinali ndisanawauze zonse. Anamvera kwa anthu a pachigayo."

Akazi a a Fotokope anagwira pakamwa.

"Ndipo ndinakufunsani tsiku lija. Mukukumbukira? Ndinaloza pepalalo."

"Ndikukumbukira."

"Munati muwotcha."

"Ndinatero."

"Basi, ndi zimenezo. Ndamva kupepesa kwanu, ndipo sindikusungirani mangawa. Koma musandipemphe kuti ndinene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo."

Anawaperekeza mpaka pageti. Temu itatha, a Fotokope anamva kuti mtsikanayo anapempha kusamutsidwa, ndipo anapita kukaphunzitsa kutali. Sanaonanenso.

Chaka chotsatira kunabwera kalata yoitana onse ogwira ntchito zokhudza mapepala ndi mbiri za anthu ku msonkhano wa tsiku limodzi. Boma linali litakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ndipo linkafuna kuti aliyense alimve. A Fotokope anavala jekete yawo ya maukwati n'kupita. M'holo munadzaza eni mashopu a fotokope, olembetsa manambala a foni, makalaliki a m'zipatala zing'onozing'ono ndi alembi a m'masukulu. Kutsogolo kunaima mayi wina wamfupi wa magalasi, wochokera ku ofesi yoona za lamuloli.

Mayiyo ankadziwa kuyankhula. "Pepala ndi lanu, inki ndi yanu, makina ndi anu," anatero, "koma zimene zalembedwapo ndi za mwini wake. Munthu akakupatsani chiphaso kuti mujambule, wakubwerekani kwa mphindi ziwiri. Sanakupatseni kuti musunge. Mukafuna kusunga, mufunseni. Akakana, fufutani iye akuona."

Anthu ena anayamba kusinza, ndiye mayiyo anati awadzutse ndi nkhani.

"Kwinakwake, sinditchula malo, kunali bambo wina wa shopu ngati zanuzi, wosafuna kutaya pepala. Tsiku lina anasindikiza nyimbo za kwaya kuseri kwa mapepala owonongeka a makasitomala ake."

Holo yonse inafa nacho chiseko. Wina kumbuyo anakuwa, "Ndiye kuti ena ankaimba za kutsogolo, ena za kuseri!" Chiseko chinakula. Bambo amene anakhala pafupi ndi a Fotokope, wochokera tauni ina, anawagunda ndi chigongono.

"Achimwene, anthu enatu mitu yawo sigwira, eti?"

A Fotokope anagwedeza mutu kuvomereza. Anatulutsanso mano pang'ono ngati akuseka nawo, ndipo chimenechi n'chimene chinawanyansa kwambiri pambuyo pake. Mayi uja anafotokoza zimene zinamugwera mwini kalata, ndipo chiseko chinatha. Anapitiriza ndi mfundo zina zambiri, koma m'makutu mwa a Fotokope munkangolira ngati muli njuchi. Sanamvenso kalikonse.

Anthu atatuluka kukalandira zakumwa, iwo anatsalira. Anayandikira patebulo pamene mayiyo ankalongedza mawaya a kompyuta yake.

"Mayi, pepani. Nkhani ija mwanena... bambo wake ndine."

Mayiyo anasiya mawaya n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndimadziwa kuti muli muno, bambo. Dzina la shopu yanu ndinaliona pa mndandanda. Nkhope yanu yokha ndi imene sindimaidziwa."

"Ine ndiye zandiyenera. Koma mwana uja... nkhani yake muziyenda nayo m'maholo chonchi?"

"Anatilembera yekha. Anatilola kuinena kulikonse, bola tisatchule dzina lake kapena lanu. Tinamufunsa ngati akufuna tikutsegulireni mlandu, chifukwa zotsatira zake zinali zikumuvutitsabe. Anakana. Anati bambowo si oipa, sankadziwa kuti agwira chiyani m'manja, ndiye kawaphunzitseni pamodzi ndi anzawo onse."

Mtsikana amene a Fotokope anamuvula pagulu anali atawaphimba. Anathokoza movutikira n'kutuluka, zakumwa osalandira.

Masana omwewo anatsegula shopu, kukoka katoni ija, n'kupita nayo kuseri kumene telala ankawotchera zidutswa za nsalu mu mgolo. Anawotcha zonse, akutakasa ndi ndodo mpaka patatsala phulusa lokha. Atabwerera anakhala pa kompyuta. Munali zinthu za anthu za zaka khumi ndi chimodzi, zosanjidwa bwino mwezi ndi mwezi. Anasankha zonse n'kufufuta. Kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza. Anatsimikiza, n'kukafufutanso komwe zofufutidwa zimakadikirira. Tsiku limenelo anapita kunyumba atapepukidwa, koyamba m'miyezi yambiri.

Akanamvetsera msonkhano mpaka kumapeto, akanamva mayi uja akunena kuti amene akusunga kale zinthu za anthu ayambe awadziwitsa eni ake, awapatse nthawi yodzatenga kapena kuvomereza kuti zisungidwe. Zimenezi anadzaziwerenga mochedwa, pa kapepala kamene anapatsidwa pakhomo n'kukaiwala m'thumba la jekete.

Patatha milungu itatu kunabwera dalaivala wina, kasitomala wawo wakalekale, bambo wa ana anayi amene anakhala chaka chathunthu osagwira ntchito. Analowa akupuma mofulumira. Mphepo inali itasasula denga la nyumba yake, mvula n'kunyowetsa sutikesi ya mapepala, ndipo satifiketi yake ya sukulu inasanduka phala. Tsopano bungwe lina linali litamuitana kukayesedwa ntchito Lolemba, ndipo linkafuna kope ya satifiketiyo.

"Mwayi wanga ndi inu, bambo. Munandijambulira chaka chatha. Ingotulutsani."

A Fotokope anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Achimwene, mulibe. Ndinafufuta zonse."

Dalaivalayo anaseka, poyesa nthabwala. Ataona nkhope yawo anasiya.

"Mwati bwanji? Si inu munandiuza kuti ndisadandaule, zanga zili mu kompyuta?"

"Ndinatero. Koma kunabwera lamulo..."

"Lamulo linati mufufute zanga osandifunsa? Foni yanga muli nayo. Ndimadutsa pano tsiku lililonse. Kungonditcha kuti iwe, bwera udzatenge zako, chinavuta n'chiyani?"

Kachiwiri m'moyo wawo a Fotokope anaima ngati mwana wogwidwa, ulendo uno m'shopu yawo yomwe, manja ali lende. Anazindikira kuti tsiku lija sanafufute pofuna kuteteza munthu aliyense. Ankafuna kuchotsa manyazi awo msanga, ndipo sanaganizeko za eni ake a zinthuzo.

M'mawa mwake anatseka shopu n'kupita ndi dalaivalayo ku ofesi yoona za mayeso, mtunda wa maola awiri pa basi. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kuuzidwa kuti abwere ndi kalata ya kupolisi. Anabwerera Lachisanu ndi kalatayo, n'kuuzidwa kuti makina ofufuzira mayina sakugwira. Dalaivalayo anapita ku mayeso a ntchito aja Lolemba chimanjamanja, anafotokoza za mvula, ndipo anamuuza mwaulemu kuti amuimbira. Ulendo wachitatu, sabata yotsatira, a Fotokope anapita nayebe ngakhale iye anati palibe chifukwa. Tsiku limenelo kalata yotsimikiza kuti anakhoza mayeso inatuluka, ya chidindo chofiira.

Ali m'basi pobwerera, dalaivalayo anaiyang'ana kalatayo nthawi yaitali, kenako anailowetsa m'pepala la pulasitiki n'kuiika mkati mwa malaya.

"Mwayesetsa, bambo," anatero, maso ali pawindo. "Koma ntchito ija anapatsa wina."

"Ndamva, achimwene."

"Mwina ituluka ina."

"Ituluka."

Atatsika pa siteji anagwirana chanza, aliyense n'kulowera kwake. A Fotokope anafika pashopu dzuwa litapendeka, n'kupeza anthu anayi akuwadikira pakhonde, maenvulopu ali m'manja. Anapepesa chifukwa chochedwa, anatsegula loko, n'kuyatsa makina kuti ayambe kutentha.